Mabotolo Awiri ndi Chitsime cha Bambo

3 Juni

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi, alamu ndi mwana wathu Namafunso. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachimfine.

Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani mtendere, chifukwa ndikudziwa kuti zina zonse simuzimva musanamve chimenechi. Tsiku lija ndili kumudziko ndinasuzumira m'chitsime n'kuona njerwa zitabiriwira, nkhope yanu inagwa. Munaganiza kuti mlongo wanu wophunzirayu wabwera kudzatseketsa chitsime chimene Bambo anakumba ndi manja awo, chimene msewu wonse umamwa. Ine mantha anga anali pa Amayi, ndi m'mimba mwawo mmene simukusiya kupotokola. N'chifukwa chake ndinakupemphani mabotolo awiri, lina la madzi a m'chitsime, lina la m'damu lija la kuseri kwa fakitale yakale ya mabatire, kuti ndiyerekeze.

Mabotolo afika osasweka. Lolembedwa kuti "chitsime" ndaliyeza kawiri, ndipo mulibe choopsa chilichonse. Madzi ake ndi oyera moti ndinachita kudabwa. Ngakhale ndere imene ndinaona panjerwa ija mulibemo, koma mwina munatunga pakati osakhudza m'mbali. Choncho mtima m'malo.

Botolo lolembedwa kuti "damu" ndi limene landiiwalitsa kudya. Ndere imene inu mumaiona ngati utoto wobiriwira ndi tizomera tambirimbiri. Tina n'tatitali ngati ulusi. Tina ndi kadontho kamodzi kokha, selo imodzi, kopanda muzu kapena tsamba, kamene kamadya kuwala kwa dzuwa, kusambira ndi kuswana pakokha. Nditaika dontho la m'botololo pagalasi n'kuyang'ana pa maikulosikopu, ndinaona timadontho totere tokhatokha, mtundu umodzi basi. Izi zinandidabwitsa. Madzi a m'damu amakhala ngati msika: uyu akusambira, uyu akudya mnzake, uyu wagona. Koma m'botolo lanuli muli banja limodzi lokha, ngati pamalo pamene anthu ena onse anasamuka.

Banja lakenso sindikulidziwa. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuyang'ana ndere, koma iyi sindinaionepo. Ndinaitana mkulu wathu wa pantchito, poti ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Anayang'ana nthawi yaitali, anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso, kenako anangoti, "Muisunge bwino."

Mundiuze za Amayi. Kodi mankhwala aja akuwathandiza? Namafunso mumuuze kuti yankho la funso lake lija ndi lakuti ayi, nsomba sizitseka maso.

Ndine mlongo wanu.

24 Juni

Adokotala a ndere,

Kalata yako yafika ndipo tonse tadzuka. Ndinaiwerenga mokweza pachitsime pomwepo, anthu ali pamzere ndi zidebe, kuti aliyense amve ndi makutu ake kuti madzi a Bambo apambana mayeso kunja. A Telala oyandikana nafe aja anaomba m'manja mpaka chidebe chawo chinagubuduka.

Ine ndinadziwa kale. Zaka makumi atatu chitsimechi sichinaphwepo, ndipo palibe amene anabwezedwapo, monga anasiyira Bambo. Upite ku zitsime zina ukaone: achule, mbululu, mphutsi za udzudzu zili piringupiringu. Chathuchi ngakhale kachilombo kamodzi sungakapeze. Ukhondo woposa pamenepa ukufuna wotani?

Amayi akadali chimodzimodzi. Masiku ena adya, masiku ena ayi. Chatsopano ndi manja. Sabata yatha anagwetsa makapu awiri, akuti dzanja limangolefuka pamkono pokha ngati si lawo. Kuchipatala anati ndi ukalamba, anawapatsa timapiritsi toyera. Iwo akuti ukalamba suyambira m'manja, umayambira m'mawondo, ndiye madokotala a masiku ano sadziwa kanthu. Akuti kupatula iwe.

Kushopu ntchito ilipo. Kuwotcherera mageti kwachepa, koma zidebe zobooka ndiye zosatha. Zitsulo za masiku ano ndi mapepala enieni, chidebe chatsopano miyezi inayi chadontha.

Za ndere yakoyo, zikomo kuti yakusangalatsa. Ine ndimati unapita kusukulu kukaphunzira kuchiza anthu, osadziwa kuti ukukaphunzira kuweta zonyansa za m'madzi. Uiwete bwino, ikaswa utigawireko.

Ndine mchimwene wako.

19 Julayi

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata, ngakhale nkhani ya manja a Amayi yandikhala pamtima. Muwaperekeze kuchipatala kachiwiri, mukaumirire kuti awayeze magazi.

Mwati ndikuweta zonyansa, ndiye lekani ndikufotokozereni mmene kuwetako kumayendera. Munthu sangangodzuka n'kunena kuti wapeza chomera chatsopano. Uyenera kuyamba watsimikiza kuti si chakale chimene wachiiwala nkhope. Tili ndi mabuku amene amakufunsa mafunso, limodzi limodzi, ngati mmene mungafunsire mwana wosochera pamsika. Kodi kali ndi michira? Inde, iwiri. Ndiye pita tsamba lakuti. Kodi michirayo ndi yofanana? Ayi, wina ndi wamfupi. Kodi kali ndi kadontho kofiira koonera kuwala? Inde, koma kumbuyo, osati kutsogolo monga abale ake. Funso lililonse limachotsa mabanja ena, mpaka utsale ndi khomo limodzi logogoda. Ine ndatsata mabuku anayi, ndipo onse andifikitsa pamalo popanda khomo. Khungu lake ndi lochindikala, la tiziphuphu, ngati kavala chikhoto. Tatumizanso zina kuti akawerenge chibadwa chake, chimene timachitcha DNA. Chimenecho ndi chimene chimanena mosabisa kuti agogo ake ndani.

Pali chinthu chimodzi chimene chandivutitsa masabata atatu. Kuti ndere ilembedwe m'mabuku, iyenera kusungidwa yamoyo, kuti wina aliyense wokayikira adzaione yekha. Ndinasankha kaselo kamodzi ndi kachubu kopyapyala ngati tsitsi, n'kukaika m'madzi oyera okhala ndi chakudya chimene ndere zonse zimakonda. Patatha masiku asanu kanayera n'kufa. Ndinayesanso m'machubu asanu ndi awiri nthawi imodzi, monse kufa. Kenako ndinasefa madzi ake omwe aja a m'botolo lanu n'kukabwezeramo. Kanaswana mpaka chubu chonse chinabiriwira. Ndiye kuti m'madzimo muli chinachake chimene kameneka kanazolowera. Ndinaviikamo kapepala koyezera, ndipo kanafiira: madziwo ndi owawasa, muli asidi. Nditaika ndere wamba m'madzi omwewo, inafa tsiku lachiwiri. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake m'botolomo munali banja limodzi lokha. Enawo sanasamuke, anafa.

Choncho chonde, Namafunso ndi anzake asamasewere ku damu limenelo, ndipo mbuzi zisamamwe kumeneko.

Ndili ndi pempho. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti chamoyo chatsopano chilembedwe pamodzi ndi malo enieni amene chinapezeka, tsiku, ndi dzina la wotunga. Popanda zimenezo ndi mphekesera chabe. Mundilembere kuti munaima mbali iti ya damu, mapazi angati kuchokera kumpanda wa fakitale, ndipo munditumizire botolo lina la pamalo omwewo.

Chomaliza. Wopeza ndi amene amatcha dzina, m'Chilatini. Ndikuganiza zoitcha dzina lotanthauza kuti "ya wokumba zitsime". Bambo ndi amene anandiphunzitsa kusuzumira m'madzi, atandigwira lamba wa diresi kuti ndisagwere. Mukuona bwanji?

Ndine mlongo wanu.

2 Ogasiti

Alamu,

Moni. Ndati ndikulembereni ndekha chifukwa achimwene anu kalata yanu ija anangoiwerenga chamumtima n'kuiika m'thumba la ovolosi. Ine ndinaipeza pochapa, ndiye mundikhululukire kuti ndinawerenga. Masiku ano sakulankhula kwenikweni, akadya amangopita kukakhala kushopu ngakhale kulibe ntchito.

Amayi akupereka moni. Tsopano ndimawamwetsa ndine tiyi chifukwa kapu sakuigwira. M'nkhama mwawo mwachita kamzere kakuda m'mphepete mwa mano, akuti mwina ndi mapiritsi aja. Mwana wanuyu Namafunso nayenso sindikumumvetsa. Mukudziwa mmene analili, funso pamwamba pa funso mpaka munthu kuthawa. Pano amangokhala phee pakhonde, aphunzitsi akuti akugona m'kalasi, ndipo akudandaula m'mimba ngati agogo ake. Ndinamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba koma sizinasinthe. Inenso ndili ndi nkhani, alamu. Ndili ndi pakati, miyezi itatu. Amayi akuti akhala wamwamuna chifukwa ndikudana ndi fungo la sopo.

Za damu musade nkhawa, ana sangapiteko chifukwa kulibe damu. Analikwirira chaka chatha chisanafike, anathiramo zigumukire za fakitale ija n'kupanga poimika malole. Pali mpanda ndi mlonda ndi agalu. Inu munabwera masiku awiri okha, simunafike mbali imeneyo. Ndiye ndadabwa kuti mukufunsa za mapazi kuchokera kumpanda. Mabotolo aja ndinatsuka ndine. Limodzi ndinaona achimwene anu akudzaza pachitsime pathu pomwepa, anachita kupala njerwa ndi supuni kuti zobiriwirazo zilowe zambiri, ndipo ndinawakalipira chifukwa inali supuni yanga yabwino. Linalo anapita nalo kumsika lopanda kanthu, anabwera nalo lodzaza. Mwina zolembazo anasokoneza, mukudziwa amuna.

Ngati mukufuna ndere ina nenani, ilipo yambiri. Chaka chino yakwera mpaka njerwa zapamwamba, ndipo mumgolo wathu wosungira madzi ndimachita kukwecha Loweruka lililonse.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole wobwera kwanuko chifukwa akuti anyamuka mawa, ifika msanga kuposa ya papositi.

Ndine mlamu wanu.

29 Ogasiti

Achimwene,

Mwezi watha ndi masabata awiri osamva kanthu kuchokera kwanuko. Kodi n'kwabwino? Kapena dzina lija lakukhumudwitsani? Ngati ndi choncho nenani, dzina si kanthu.

Zotsatira zabwera. DNA yatsimikiza kuti ndere yathu ndi mtundu watsopano. Abale ake apafupi ndi atatu okha padziko lonse, ndipo onse amapezeka m'madzi otuluka m'migodi ndi m'malo otayira zinyalala za mafakitale. Mkulu wathu anagula makeke, anthu anandigwira chanza. Ndikanakonda mukanakhalapo.

Madzi aja tinawatumizanso kwa anzathu oyeza zitsulo. Muli mtovu, chitsulo cholemera chija cha m'mabatire, wochuluka moti woyezayo anabwera yekha kudzandifunsa ngati pali anthu okhala pafupi ndi malowo. Mtovu suoneka m'madzi, sununkha, ndipo kuwiritsa sikuuchotsa. Umalowa m'thupi pang'onopang'ono n'kukhazikika m'mafupa. Ndinamuuza kuti ndi damu lakutali ndi nyumba, palibe amene amamwa. Anati, "Mulungu ngwabwino."

Komabe madzi a pansi amayenda, Achimwene, Bambo ankanena kawirikawiri. Chitsime chathu chili kumunsi kwa fakitale. Lero chili bwino, koma ndikufuna tiziyeza chaka ndi chaka.

Yankhani, ngakhale mizere iwiri. Amayi anayezedwa magazi?

Ndine mlongo wanu.

12 Seputembala

Alamu,

Kalata yanu ya pa 2 Ogasiti yandipeza lero. Lole inawonongeka panjira, dalaivala anaiiwala m'thumba la jekete masabata asanu. Ndaimba foni kugolosale ya pakona katatu, ndipo katatu konse akuti achimwene ayankha kuti ali otanganidwa. Ndiye ndikulembera inu, ndipo ndatumiza pa positi yachangu.

Werengani mutakhala pansi. Madzi amene ndakhala ndikunena kuti ndi a poizoni ndi a m'chitsime chathu. Kuyambira lero musamwe, musaphikire, musatsukire mbale, musasambitse mwana. Kuwiritsa sikuthandiza, kusefa pansalu sikuthandiza. Mgolo uja muutaye, musausungirenso madzi. Ndikudziwa kuti mpopi wa kumsika uli kutali ndipo inu ndinu woyembekezera, koma pemphani ngakhale wa wilibala akuthandizeni.

Mawa lomwe mutenge Amayi ndi Namafunso, mupite kuchipatala chachikulu, osati chaching'ono chija. Ndaikamo pepala lina la adokotala, lolembedwa m'chinenero chawo, muwapatse m'manja. Akuyezeni nonse atatu, inunso, ndipo muwauze za pakati. Manja olefuka, kamzere ka m'nkhama, mwana wogona m'kalasi, zonsezi ndi chinthu chimodzi. Mankhwala ochotsa mtovu m'magazi alipo. Sabweza zonse, koma amaimitsa.

Muuzenso amayi anzanu a mumsewu, makamaka a ana aang'ono. Akakufunsani kuti bwanji kalata yoyamba ija inati madzi ali bwino, muziti ine ndinalakwitsa. Si bodza. Nditatsegula botolo lolembedwa "chitsime" ndinamva kafungo ka mankhwala a kumpopi, ndipo ndinadziuza kuti ndi sopo wotsukira botolo. Achimwene atalemba kuti m'chitsime mulibe ngakhale kachilombo kamodzi, ine ndinali nditaona kale m'botolo mopanda kachilombo, koma sindinalumikize. Ndinkafuna kuti zikhale bwino, ndiye ndinaona zabwino.

Ndapempha tchuthi, akuti mapepala a ulendo atenga miyezi iwiri. Musandidikire.

Ndine mlamu wanu.

1 Okutobala

Chemwali,

Tadzuka. Poti wasankha kulankhula ndi mkazi wanga m'malo mwa ine, ndati ndikuyankhe ndekha.

Inde, botolo lolembedwa "damu" ndinadzaza pachitsime. Damu kulibe, ukanafuna ndikalumidwe ndi agalu? Ndinati ndere ndi ndere, mwanayu akufuna zobiriwira zoti aziseweretsa kuntchito, ndimupatse. Linalo ndinatunga kumpopi chifukwa ndinakuona mmene unayang'anira njerwa zija. Munthu ukamusakira chifukwa umamupeza nacho. Ndinadziwa kuti makina akowo sangalephere kupeza kanthu, ngakhale m'madzi a m'tchalitchi.

Tsopano taona zimene wachita. Mlamu wako akuyenda mtunda wonse uja ndi mimba, chidebe pamutu, kudutsa chitsime chodzaza pakhomo pake. Amayi ndi mwana anawagoneka kuchipatala masiku asanu ndi anayi, abwera mikono ili zipsera za majakisoni. Msewu wagawikana. Ena asiya kutunga, akumadutsa pageti osapereka moni, ngati ife tinathiramo dala. Ena akutungabe, a Telala ndi ena ambiri, akuti kalata ziwiri za munthu mmodzi zikutsutsana, ndiye iwo akhulupirira yoyamba, imene anaimva ndi makutu awo. Ine ndikumwabe. Ndamwa madzi amenewa kuyambira ndili wosavala, ndipo ndimanyamula geti ndekha.

Ukudziwa kuti chitsimechi n'chiyani? Bambo sanasiye nyumba ya malata abwino, sanasiye munda. Anakumba zitsime makumi anayi za anthu ena, zambiri zinagumuka kapena kuphwa. Chatsala ndi chino. Anthu akamatilozera amati a kuchitsime. Iwe unachoka, uli ndi dzina lako la pakhomo la ofesi. Ine ndikachitseka nditsala ndani?

Ndipo dzina la Bambo usaliike pa chinthu chakocho. Ukufuna dziko lonse liziwerenga kuti wokumba zitsime anamwetsa anthu poizoni? M'mabuku akowo lemba kuti damu, monga zinalembedwera pabotolo. Amene akatsutse ndani, poti analikwirira?

Ndine mchimwene wako, ngakhale wandichititsa manyazi.

16 Okutobala

Achimwene,

Ndawerenga kalata yanu katatu. Sindikukalipirani. Ndikanakhala ine wotsala pakhomo, mwina ndikanapita kumpopi ndi botolo lomwelo.

Dzina la Bambo ndalichotsa, mwanena zoona. Ndere idzatchedwa dzina lotanthauza "ya m'madzi owawasa", basi. Koma mumve ichi: Bambo sanamwetse munthu poizoni. Pamene ankakumba, madzi anali abwino. Asidi ndi mtovu zakhala zikutsika pansi pa fakitale zaka zonsezi, ndipo ndikukayikira kuti atakwirira damu ndi zigumukire, madzi oipawo anasowa kopita n'kutsata mtsempha wa chitsime chathu. Ndere sinabweretse matenda. Yangomera pamene zina zonse zafa, ndipo ikanapanda kubiriwira panjerwa, sindikanapempha botolo.

Kulemba kuti damu sindingathe. Tsiku lina munthu wina, kudziko lina, adzaona ndere yomweyi m'chitsime cha kwawo, adzatsegula buku. Akadzawerenga kuti imamera m'madamu a mafakitale, adzati chitsime chake ndi nkhani ina. Akadzawerenga kuti inapezeka m'chitsime cha pakhomo chimene anthu ankamwa, adzathamanga. Ndidzalemba kuti chitsime. Ndalemberanso a ofesi yoona za madzi, ndipo ayankha kuti abwera kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Ndikukuuzani ndekha kuti musadzamve kwa ena.

Inu mwati mumanyamula geti nokha. Ndikukhulupirira. Thupi la munthu wamkulu limabisa nthawi yaitali. Koma zidebe zija mumawotcherera miyezi inayi iliyonse, mufunse eni ake kuti amatunga kuti.

Makina anga simuwakhulupirira, ndipo simukakamizidwa. Mvula yayamba kwanuko, alamu anandiuza pafoni. Tengani mabotolo awiri oyera. Limodzi mukingire madzi a mvula, linalo mutunge pachitsime, ndi dzanja lanu, popanda wina wokuonani. Pitani pa ngalande ya kumsewu, mutape madzi obiriwira aja okhala ndi mphutsi za udzudzu ndi mbululu, muthire masupuni atatu m'botolo lililonse. Musatseke. Muike pawindo la kushopu, muziyang'ana m'mawa uliwonse. Mukaona zofanana m'mabotolo onse awiri, mundilembere, ndidzapepesa pamaso pa msewu wonse.

Ndikanakonda chivundikiro chotsekera chitsimecho chikhale chopangidwa ndi inu, osati cha anthu obwera pa galimoto amene Bambo sanawadziwe.

Ndine mlongo wanu.

9 Novembala

Chemwali,

Tadzuka. Amayi ayamba kugwira supuni ndi dzanja lamanzere, lamanja likadali lolefuka. Mwana wabwerera kusukulu. Adokotala akuti za mutu wake tidzadziwa pakapita zaka. Za mlamu wako akuti tidikire mwana abadwe, sananene zambiri, ndipo ine sindinafunse.

Mabotolo ndinaika. Ndinaika kuti ndikutsutse, ndisakunamize. M'botolo lililonse munali mbululu zinayi ndi mphutsi zosawerengeka. Tsiku loyamba madzulo, za m'madzi a m'chitsime zinali zitasiya kusambira, zikungogwedeza michira pansi. M'mawa mwake zonse zinali chagada. Ndinati mwina botolo linali ndi mafuta. Ndinatsuka lina, ndinatapanso zina, chimodzimodzi. Kachitatu ndinatenga kapu imene ndimamwera ine. Za m'madzi a mvula zilipo mpaka lero, ziwiri zamera miyendo.

Loweruka ndinadula chitsulo cha geti limene mwini wake sanabwere kudzatenga. Ndinachiyeza pakamwa pa chitsime, ndinachiwotcherera ku nsichi zinayi zachitsulo, ndinazungulira kawiri kuti pasatsale polowa ngakhale chingwe. Amayi anatulutsa mpando n'kukhala pakhonde kuonerera. Nditazimitsa makina anati, "Bambo ako akanasiya kampata kopumira." Ndinaboola timabowo titatu.

Anthu anabwera ndi zidebe monga mwa masiku onse, anaima pageti. Ndinawauza ndekha za mabotolo oyamba aja, kuti kalata imene ndinawawerengera inanena za madzi a kumpopi, ndipo wonama ndinali ine, osati iwe. Mayi wina anandilavulira paphazi. Mwana wake ndi wa chaka chimodzi. Sindinapukute.

Lolemba ndinapita kukayezetsa magazi. Zotsatira sizinabwere.

A ofesi ya madzi sanafike, akuti galimoto ilibe matayala. Mpopi wa kumsika ukutuluka masiku atatu pa sabata, mzere umafika mpaka pa golosale. Ndiye dzulo ndikumva khasu kuseri kwa mpanda. Kusuzumira, a Telala avula malaya, ali m'dzenje lofika m'chiuno, mapazi khumi kuchokera pa chitsime chathu. Akuti ife tatseka chathu chifukwa cha kaduka, iwo akumba chawo, ndipo aliyense adzatunga mwaulere. Anyamata awiri a mumsewu akuwathandiza kutaya dothi. Ine ndi mwana wa wokumba zitsime, ndikudziwa kuti pamenepo madzi awapeza asanathe masabata awiri, ndipo ndikudziwa kuti ndi mtsempha uti.

Ndinalankhula nawo mpaka mawu anandithera, iwo osatukula mutu. Ndiye ndinapita kushopu, ndinatsuka mabotolo awiri, ndinawapatsira pamwamba pa mpanda. Ndinati, "Akulu, ine musandikhulupirire, ndinakunamizanipo kale. Madzi anu akatuluka, musanamwetse mwana, thirani umu, umu muthire a mvula, muikemo mbululu. Masiku awiri okha. Muone nokha, chonde."

Analandira, anawaimika pamulu wa dothi, anatolanso khasu.

Bwera msanga.

Ndine mchimwene wako.